Mwana wa pa Chombo m'Nyumba ya Luse

Ogula kapenta pa msika wa Mtendere amamudziwa Luse Nkhoma, ngakhale ambiri sadziwa dzina lake. Ndi mayi wamtali uja wa kumapeto kwa mzere wa nsomba zouma, wosakonda kuseka ndi makasitomala, koma kachitini kake koyezera sikanaphwanyidwepo kunsi ngati ka ena. Amakhala ku Kalingalinga, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa mashedi a owotcherera zitsulo. Zaka zake zapitirira makumi asanu. Mu Lusaka wakhalamo kuposa theka la moyo wake, koma anabadwira ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, kumene bambo ake ankakhoma matabwa a zombo pa doko.

M'nyumba mwawo munali ana aakazi awiri, Luse ndi mng'ono wake Chilufya. Wokongola anali Luse, ndipo ankadziwa zimenezo. Pa dokopo panali mnyamata wina dzina lake Katongo, womanga zingwe ndi kukolopa m'chombo cha katundu, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Chombo chikangokocheza, iye ankathamangira kwa Luse asanasambe n'komwe, m'thumba muli sopo wonunkhira wa ku Bujumbura. Sopoyo Luse ankalandira. Koma tsiku limene Katongo anatchula za ukwati, mtsikanayo anaseka.

"Ine ndikwatiwe ndi munthu wa nyumba yoyandama?" anatero m'Chibemba chakwawo. "Ukamange kaye nyumba pa nthaka, ndiye ubwere."

Sanamukane ndi mtima wonse. Ankayesa kuti mnyamatayo abweranso kudzachonderera monga ankachitira ena. Katongo sanabwerenso. Luse anadikira, ananyada, kenako anakwera basi kupita kwa azakhali ake ku Chilenje, mu Lusaka, kuti aliyense aone kuti iye sanali wodikira munthu. Kumeneko anakumana ndi Rodgers Nkhoma, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, mwana wa bambo wochokera ku Ntcheu amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji osabwereranso. Rodgers anali munthu wofatsa, wa manja odzaza timabala ta moto. Anakwatirana. Chaka chisanathe kunabwera uthenga woti Chilufya akukwatiwa, ndipo mkwati ndi Katongo.

Luse anapita ku ukwatiwo. Anaphika, anavina, anaimba nthungululu kuposa aliyense. Pobwerera anasanza njira yonse, n'kumauza mwamuna wake kuti ndi fungo la dizilo.

Katongo anakwera pa ntchito mpaka kukhala kaputeni wa Tuleya, chombo chamatabwa chonyamula simenti ndi shuga kupita ku Kigoma ndi ku Bujumbura, chobwerako ndi mafuta ofiira ophikira. Chinali ndi injini, komanso thanga lalikulu limene ankalikweza mphepo ya kumwera ikamaomba bwino. Mwini chombo analola kaputeni wake kutenga mkazi, popeza amalinyero ankafuna wowaphikira. Choncho Chilufya analowa m'kachipinda ka kumbuyo kwa chombo, ndipo m'menemo analereramo ana: woyamba Chisala, mtsikana, kenako Mukupa, kenako ena.

Kwa Luse mwana sanabwere. Mimba zinkatenga malo n'kupita padera, mpaka iye anasiya kuuza anthu akaima. Apongozi ake aakazi ankabwera kuchokera ku Matero, n'kumayang'ana m'nyumba ngati munthu wofunafuna chinthu chimene chasowa. Rodgers sankanena kanthu. Ankachoka m'mawa, n'kubwera madzulo maso ali psuu, makutu akulira ndi phokoso la galayinda, moti mkazi wake ankachita kubwereza mawu kuti amve.

Ngakhale malonda ake a kapenta anachokera kwa mng'ono wake. Chilufya ndiye ankagula matumba kwa asodzi odziwana ndi mwamuna wake, n'kuwakweza basi ya ku Lusaka. Luse ankadyera m'manja mwa munthu amene ankamuchitira nsanje, ndipo zimenezi zinkamuwawa ngati munga wothyokera m'phazi.

Mafoni a zithunzi atabwera, zinthu zinanyanya. Chilufya, wopanda chinyengo mumtima, ankatumiza chilichonse. Pena zovala za ana zoyanikidwa pa chingwe cha thanga. Pena Katongo ali pa chiwongolero, khanda lili pa mkono. Pena banja lonse litakhala pa matumba a simenti likudya mbale imodzi, kumbuyo kuli mapiri a dziko lachilendo. Luse ankazikulitsa zithunzizo ndi zala, kufunafuna chilema. Chimene chinkamupweteka sichinali mapiri kapena mayiko ayi. Chinali choti awiriwo ankakhala limodzi tsiku lonse, mwamuna akatembenuka mkazi ali pomwepo.

"Ba mulamu bali na nchito yabwino, ka," Rodgers ankatero akasuzumira pa foni. "Banja yonse pamodzi."

"Nchito ya kununkha nsomba," Luse ankayankha, n'kuvundikira foniyo pa tebulo.

Tsiku lina Chilufya anaimba ndi mawu otsika. Chisala anali atakula, mano a ubwana atatha kuguluka, koma sukulu sanaipondepo. Kodi ba Luse angamutenge kuti aphunzire ku Lusaka? Luse anavomera mng'ono wake asanamalize kupempha. Sanavomere chifukwa cha chifundo. Kanali koyamba kuti Chilufya afune chinthu chimene Luse yekha anali nacho, ndipo kukoma kwa zimenezo kunamukhala m'kamwa masiku ambiri.

Mwanayo anafika pa basi pamodzi ndi matumba a kapenta, ataperekezedwa ndi mayi wina wamalonda. Atamwetulira, Luse anaona mpata uja pakati pa mano, ndipo anayang'ana kumbali.

Chisala sankadziwa kukhala m'nyumba. Ankayenda atatangadza miyendo ngati pansi pangapendeke. Makapu ankawamangirira ndi ulusi ku msomali, mapoto ankawatsekereza ndi miyala kuti asagwe. Madzi amene Luse ankawapondera mzere ku mpopi wa onse, iye ankawathira ngati akutunga m'nyanja. Tsiku lachiwiri anatsuka mbale, n'kukhuthulira madzi akuda pa windo monga ankachitira pa chombo, ndipo anagwera pa mutu pa mkazi wa eni nyumba amene ankadutsa ndi zovala zochapa. Luse anapepesa mpaka kugwada.

Koma anthu anamukonda mwanayo. Ana a m'mayadi oyandikana ankamuzungulira kuti awawerengere manambala m'Chiswahili, awaonetse mfundo za zingwe zosamasuka, awauze za mphepo imene inang'amba thanga bambo ake ali pamwamba pa mlongoti. Ngakhale Rodgers, munthu wosayankhula, anayamba kuweruka msanga. Ankakhala pa khonde atatchera khutu lake labwino, akufunsa kuti nangula amalemera bwanji, nanga mayi ake amaphika bwanji mafunde akakula.

"Bamayo bamamanga mbaula na waya," mwanayo ankafotokoza m'Chinyanja chake chatsopano. "Ndiye batata bamagwira poto, bamayo bavundula. Bamaseka maningi."

Luse ankamva zonsezi ali m'nyumba. Bamaseka maningi, amaseka kwambiri. Loweruka lina Rodgers anabwera ndi kachombo kachitsulo kamene anakawotcherera ndi zidutswa zotsala, kokhala ndi mlongoti ndi thanga la lata. M'zaka zonse za ukwati wawo, mkazi wake anali asanamupangirepo ngakhale kopachikira thaulo. Lolemba Luse anamva ogula zitsulo zakutha akufuula mu msewu, anatenga kachomboko n'kuwaponyera m'wilibala.

"Muno ni m'nyumba, si mu chombo," anauza mwanayo madzulo ake. "Nkhani za pa madzi zasila lelo. Wamvela?"

Chisala anamva. Anasiya kufotokoza, anasiya kuseka, ndipo Rodgers anabwerera ku chizolowezi chake chofika mochedwa.

Ku sukulu mwanayo anamuika m'kalasi la tiana chifukwa sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe. Anali wamtali kuposa onse, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Kapenta. Luse sanadziwe zimenezi mpaka masana ena pamene anabwerera kunyumba msanga, n'kumupeza atakhala kuseri kwa chimbudzi, yunifolomu ili fumbi lokhalokha. Sanali kupita ku sukulu. Ankavala m'mawa, n'kukabisala pamenepo mpaka anzake ataweruka.

Luse anatola kamtengo kuti amukwapule. Mwanayo sanathawe. Anangokweza maso n'kunena kuti, "Ine ndine mbuli, bamayo mukalamba. Nibwezeni chabe."

Kamtengo kanagwa kokha. Luse anaona kuti mwanayo akabwerera, anthu a ku Mpulungu adzati mkulu wake wa Chilufya walephera ngakhale kusunga mwana wa mwini. Anaonanso china chimene sanachiyembekezere: mwana wa kaputeni, wodziwa mayiko, analibe wina aliyense mu Lusaka monse koma iye.

Kuyambira tsiku lotsatira anayamba kumuperekeza yekha mpaka pa geti ya sukulu. Akaweruka ankamutengera ku msika, ndipo pakakhala palibe ogula ankayala kapenta pa thumba, kupanga naye zilembo. Mwanayo akatchula bwino, ankadya chilembocho. Mutu wake unali wakuthwa. Chaka chisanathe aphunzitsi anamudumphitsa kalasi. Luse anamusokera diresi ya kwaya, anaphunzira kuluka tsitsi la ana, anayamba kugula mabanzi awiri m'malo mwa limodzi. Mawu oti mukalamba, osonyeza kuti awa ndi mayi aakulu chabe, anagwa okha m'kamwa mwa mwanayo, n'kutsala bamayo. Azimayi a pa msika anayamba kumuitana Luse kuti bana Chisala, monga amaitanira mayi ndi dzina la mwana wake. Iye sanawakonze.

Nsanje sinathe ayi. Inangosintha pogona. Tsopano Chilufya akaimba foni, chombo chikafika pamene pali netiweki, Luse ankayang'ana mwanayo akusewera pabwalo n'kunena kuti wapita kukwaya. Tchuthi choyamba anati mwanayo sangapite kwa makolo ake, pali maphunziro apadera. Chachiwiri anati misewu yaonongeka ndi mvula. Chachitatu anati ndi nthawi ya kalasi la ku tchalitchi. Zithunzi zochokera ku chombo ankazifufuta mwanayo asanazione.

Chilufya anatulukira pa msika m'mawa wina osachenjeza. Anali atada ndi dzuwa, ataonda, khanda lili kumsana, manja ake olimba ngati a mwamuna. Mkulu ndi mng'ono wake anapatsana moni. Asanakhale n'komwe pansi, mayi wogulitsa tomato pafupi anafuula:

"Bana Chisala, nibwelekeniko ka pulasitiki!"

Onse awiri anatembenuka. Luse ndiye anatambasula dzanja n'kupereka pulasitikiyo. Chilufya anamuyang'ana.

Masana Chisala anafika kuchokera ku sukulu. Ataona mayi ake anaima, kenako anagwada n'kuwapatsa moni waulemu wonse, moni wopatsa mlendo. Atadzuka anatembenukira kwa Luse.

"Bamayo, makiyi ya kunyumba?"

Atafika kunyumba, Luse anatuma mwanayo kukagula makala kutali, n'kutseka chitseko. Chilufya anamasula khanda, analigoneka pa mpando, ndipo anayamba m'chinenero chakwawo.

"Ba Luse, ndinakupatsani mwana kuti aphunzire. Sindinakupatseni kuti akhale wanu."

"Waphunzira. Ukufunanso chiyani?"

"Akundigwadira ngati ndine mlendo wa ku tchalitchi! Ndikaimba mumati kulibe, ine ndikumumva akuseka kumbuyo kwanu."

"Uli nawo ena. Uli ndi mwamuna wokugwirira poto. Uli ndi nyanja yonse. Zonse unatenga iwe, ndiye kamodzi aka kakuwawa?"

"Ndinatenga? Ba Katongo munawataya nokha pa doko, anthu akuona. Ine ndinatola chimene munataya." Chilufya anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mumaona zithunzi. Kodi munthu amajambula tsiku limene wamanga ana ake chingwe m'chiuno ngati mbuzi kuti mafunde asawakokolole? Za Josiah munandifunsapo?"

Josiah anali mwana wachitatu wa Chilufya, amene anamwalira akuyamwa. Luse anamva za malirowo pa foni nthawi imeneyo, anapepesa, koma sanafunse zambiri.

"Thupi linatentha tili pakati pa nyanja," anapitiriza Chilufya. "Injini inali itafa, mphepo kulibe, thanga lili lende. Anatsirizikira m'manja mwanga. Tinakocheza pa mudzi wina wa tsidya la Congo umene ngakhale dzina lake sindilidziwa bwino. Ba Katongo anakumba okha manda. Ine miyendo inakana, anachita kundinyamula kubwerera m'chombo. Tikamadutsa pamenepo ndimangoona mitengo. Chisala ndinamuchotsa pa madzi chifukwa cha mantha, osati chifukwa ndinali naye wokwana."

Luse anadikira kuti chisoni chimugwire, ndipo chinamugwiradi. Koma pansi pa chisonicho panali chinthu china chimene chinamuchititsa manyazi, ndipo chinatuluka asanachigwire.

"Iwe uli ndi manda. Mwana wako ali ndi dzina. Mwamuna wako anakunyamula." Mawu ake anasweka. "Anga anapita opanda dzina. Azimayi anakawakwirira kumene sindidziwa, ine n'kubwera kuno kudzachapa nsalu ndekha. Ngakhale maliro ako ndi abwino kuposa anga, Chilufya."

Khanda linadzuka n'kuyamba kulira, ndipo kwa kanthawi palibe amene analinyamula.

Rodgers anali pa khonde. Anabwera kudzapereka moni kwa mlamu wake, ndipo makutu ake ogonthawo anamva zokwanira. Sanalowe. Madzulo, Chilufya akusambitsa khanda kuseri, anamupeza mkazi wake akusankha nyemba.

"Nenze panja pa kiliniki nthawi zonse zija," anatero motsitsa. "Azimayi bananikaniza kungena. Nenze kufuna kukunyamula, koma iwe unatuluka uyenda weka, osaniyangana." Kenako anaonjezera kuti, "Na nkhani ya ba Katongo niidziwa. Bananiuza beka pa ukwati wao. Nenze kuganiza kuti izasila."

Luse anapitiriza kusankha nyemba zimene anali atazisankha kale. Usiku umenewo anamuikira mwamuna wake madzi osamba otentha, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

Sukulu itatsekera, Chilufya anatenga mwana wake. Luse anawaperekeza ku siteshoni ya mabasi, anagulira Chisala mabisiketi, ndipo sanalire mpaka atafika kunyumba. Anali wotsimikiza kuti sadzamuonanso. Anapinda yunifolomu n'kuiika pansi pa sutikesi.

Kutatsala pang'ono kuti sukulu itsegulire, Chisala anatsika basi, atada bii, tsitsi litafiira ndi dzuwa. Katongo ndiye analamula kuti abwerere, akuti mwana amene wayamba kuwerenga asamusiyitse. Kuyambira pamenepo moyo wa mtsikanayo unagawika pawiri: miyezi ya sukulu ku Kalingalinga, tchuthi pa chombo. Anakula wochenjera pa nkhani ya amayi ake awiriwo. Kwa Luse sankasimba zokoma za pa madzi, kwa Chilufya sankatamanda chakudya cha ku Lusaka. Luse ankadziwa kuti mwanayo akumubisira, ndipo nazonso zinkamuwawa. Nthawi zina ankafunsa yekha za Katongo, nkhope ili kumbali, kuti, "Nanga bawiso bakali kuseka-seka?" Akayankhidwa kuti inde, tsiku lonse ankakalipira makasitomala.

Tuleya anakalamba, matabwa ake anaola, ndipo mwini wake anamugulitsa kwa anthu ophwasula. Katongo tsopano amayang'anira zokweza katundu pa doko. Anamanga nyumba ya njerwa pa phiri loyang'ana nyanja, ndipo Chilufya amadandaula pa foni kuti m'nyumbamo mumatentha, anthu oyandikana nawo ndi amiseche. Luse amamvetsera madandaulowo mosangalala pang'ono. Kumeneko sanapiteko, ngakhale amamuitana chaka chilichonse. Amati tebulo la pa msika lilibe womusiyira.

Chisala anamaliza sukulu, anaphunzira unamwino, ndipo akugwira ntchito pa kiliniki ina ku Chawama. Chaka chino mnyamata wina wa ku Ng'ombe, mu Lusaka momwemo, dzina lake Given, watumiza akuluakulu ake kudzafunsira. Anafikira kwa Rodgers, popeza ndi kumene mtsikanayo amakhala, ndipo Rodgers anawauza mwaulemu kuti bambo ake enieni ali ku Mpulungu. Amuna awiriwo anagwirizana zonse pa foni mosavuta.

Kwa azimayi nkhani sinathe. Pa phwando la mkwatibwi, limene azimayi amabweretsa ziwiya ndi kumulangiza, pamakhala mpando umodzi wa mayi wa mwana, pafupi ndi mkwatibwiyo. Chilufya akuti mpandowo ndi wa amene anamva zowawa za kubereka. Luse akuti phwandolo likuchitikira ku Lusaka, holo anapeza ndi iye, ndipo azimayi onse amene adzabwere amadziwa mayi mmodzi yekha wa Chisala. Mkwatibwi anayesa kunena kuti aike mipando iwiri. Onse awiri anavomera msangamsanga, kenako aliyense payekha anamuimbira foni kumufunsa kuti wa kudzanja lamanja adzakhala ndani.